Bakha wa Mutu Wofiira

Tham anawachenjeza pamsonkhano wa alimi, mwana wake Mit atamukhazika m'chiuno.

"Mukasonkhanitsa abakha a anthu onse m'khola limodzi, mmodzi akadwala atha onse."

"Walankhula wa sekondale!" anatero a Sau Kiet, mkulu wa bungwe la alimi, amenenso anali amalume ake a Luom, mwamuna wa Tham. "Kodi kusukuluko munkaphunzira ndi abakha omwe?"

Anthu anaseka. Tham anakhala pansi, makutu akutentha.

Panali lamulo latsopano limene linali lisanadutse, linkangokambidwa kulikulu: dzira lililonse logulitsidwa pamsika lizichokera m'khola lotchingidwa bwino, loyenderedwa ndi alangizi a ziweto. Koma anthu a m'mbali mwa ngalandeyi saweta chotero. Abakha awo amatsata okolola mpunga, kutola wotayika ndi nkhono m'matope, ndipo munda ukatha amawakweza m'boti kupita kwina. Khola loterolo banja limodzi silikanatha kumanga. Ndiye a Sau Kiet anaganiza zomanga limodzi la onse, kuti akuluakulu a boma akabwera adzaone kuti alimi ang'onoang'ono nawonso angathe, asawatsekere msika. Abakha sakanasokonezeka, paja banja lililonse limapaka ake utoto pamutu. Abakha a Luom anali a mitu yobiriwira.

Khola litamangidwa, mabanja ena onse analowetsamo abakha awo. Kunatsala abakha a Luom, amene ankamaliza munda wina kuseri kwa kachisi. Anagwirizana kuti alowe Lachisanu m'mawa, alendo a boma aja asanafike.

Lachinayi masana Tham ankatsuka mbale pamasitepe a ngalande, diso limodzi lili pa Mit amene ankamenya madzi ndi supuni. Mwanayo analoza, nkuseka.

"Bakha! Bakha!"

Bakhayo ankabwera ndi madzi chagada, miyendo m'mwamba. Madzi atamutembenuza, Tham anaona mutu wofiira, utoto wa a Bay Dom, oyandikana nawo nyumba. Kumbuyo kwake kunkabwera wina. Mit anali atatambasula kale kadzanja. Tham anamukoka mwamphamvu mpaka mwanayo anakuwa, nkumusambitsa ndi sopo kawiri konse ngakhale sanakhudze kanthu. Kenako anamusiya kwa apongozi, nakwera njinga.

Kukhola kunali phokoso la masiku onse, koma iye sanayang'ane gulu, anayang'ana m'makona. Pafupi ndi chomwera panali bakha wopinda khosi, akuzungulira pamalo amodzi. Wina wa mutu wachikasu anangokhala, maso ali mbuu. Kuseri kwa ukonde a Bay Dom ankamanga thumba pakamwa.

"A Bay Dom, muli chiyani m'thumbamo?"

"Zinyalala. Iwe ndi wapolisi?"

"Zinyalala zanuzo zafika pamasitepe panga. Mwana wanga akanagwira."

A Bay Dom anasiya chingwe. Nkhope yawo inali ya munthu wosagona.

"Kwatentha, mwana wanga. Nkutentha basi."

"Kutentha kumapinda khosi?"

"Tsitsa mawu!" Anali a Sau Kiet, akutuluka m'kanyumba ka chakudya cha abakha. Sanaseke ulendo uno. "Tamvera, mpongozi. Alendo akamva za matenda, mawa lomwelo aphetsa khola lonse. Akapita kulikulu akanena kuti alimi ang'onoang'ono sangasunge ukhondo, basi lamulo lidutsa momwe lilili. Ukufuna udzatchuke kuti ndiwe unatseketsa msika wa mudzi wonse?"

"Nanga mazira a lero?"

"Apita kale kumsika. Iwe ungouza Luom afulumire mawa. Abakha anuwo ndi onenepa, tiwaika kutsogolo atseke mipata."

Tham anatenga njinga yake nkuchoka. Pobwerera anavula nsapato nkuzisiya pathengo, nasamba miyendo pampopi wa kukachisi.

Tham anakamupeza Luom kumunda dzuwa litapendeka, akukusa abakha ndi nsungwi yake yaitali ya jumbo kunsonga. Abakhawo ankayenda mothithikana, mitu yobiriwira ikugwedezeka. Tham anawayang'ana mmodzimmodzi, khosi ndi khosi. Onse anali owongoka.

Anamufotokozera zonse. Luom anazika nsungwi m'matope.

"Mwina nkutenthadi."

"Bambo a Mit, ndaona ndi maso anga."

"Iwe umaona matenda paliponse. Mwana akangoyetsemula, wathamangira kale kuchipatala."

"Ndipo ali moyo."

Luom anayang'ana kumbali. "Ukudziwa amatipezera minda ndani? Amalume. Ndikawachititsa manyazi pamaso pa alendo, palibe mwini munda kuno adzatilole kudyetsa. Ngakhale mayi anga sadzandilankhula."

"Ukawalowetsa mawa, udzadyetsa chiyani m'mindamo?"

Chapatali kunamveka njinga yamoto. Onse awiri anaima chilili mpaka inapitirira.

"Kumunsi kwa mtsinje ayamba kukolola," anatero Tham motsitsa mawu. "Kwa achemwali anga. Boti lili ndi mafuta, ndayang'ana."

"Wayang'ana kale?"

"Madzi akadzaza m'ngalande m'bandakucha, ine ndi Mit tikukwera. Abakha sindingathe kuwakweza ndekha, koma ndiyesa."

Luom anayang'ana abakha ake. Bakha wina anamujompha chala chakuphazi, iye osasuntha.

"Nanga a Bay Dom? Nanga enawo?"

"Tikadutsa mlatho ndiimbira alangizi. Mazira aja akudyedwa ndi ana a anthu."

"Sadzatikhululukira."

"Ndikudziwa."

Luom anazula nsungwi ija, nkuipukuta matope ndi dzanja. Sanawakusire abakhawo kunjira ya kukhola. Anawatembenuzira kugombe, kumene boti linamangidwa.

"Pita ukatenge mwana ndi mpunga," anatero osamuyang'ana. "Mayi ukawauze kuti tikugona kumunda. Injini tisalize mpaka titapitirira nyumba ya amalume, tipalasa ndi manja."