Kuwerenga Chobwerera

Anamwino ananena kamodzi kokha: "Lachisanu mudzamutenge mwanayu, koma m'chipinda chake musamveke fungo la penti. Mapapo ake ndi aang'ono ngati tizikhatho taketi."

Mwanayo anabadwa masiku asanakwane, ndipo kwa masabata atatu ankagona m'kabokosi kagalasi kuchipatala. Mayi ake, amene pabanja ponse ankangomuti Nankhawa, anatuluka nawo mawuwo atawafumbata.

Lolemba masana anaima m'chipinda cha mwanayo, chomwe chinali chisanathe kumangidwa. Makoma anali pulasitala yekhayekha, zenera lili felemu chabe. Dzuwa linkalowa mopendekera, fumbi likuyandama pang'onopang'ono, ndipo m'maso mwake otopawo fumbilo linasanduka kamwana kakusambira m'mwamba, kakufunafuna poti kagone.

"Mlamu, mwagona choimirira?" anafunsa mchimwene wa mwamuna wake, mmisiri amene ankamanga chipindacho, pensulo ili kukhutu. "Dongosolo ndi ili: lero magalasi, mawa chitseko, Lachitatu kusesa, Lachinayi penti. Penti ndi lipisitiki, timapaka pomaliza."

"Fungo lake limatha masiku angati?"

"Atatu, mphepo ikamalowa bwino."

Nankhawa anawasolola pensulo ija n'kulemba pakhoma kuti Lachisanu. Kenaka anayamba kuyenda chobwerera, phazi limodzi tsiku limodzi, ngati munthu wa m'maloto. Lachinayi. Lachitatu. Lachiwiri. Msana wake unagunda mphuthu ya chitseko.

"Penti ndi lero, alamu. Magalasi mudzaike Lachinayi, mphepo iyambe yagwira ntchito yake."

"Kupenta zenera lili pululu? Fumbi lidzamatirira pakhoma! Amisiri anzanga adzandiseka mpaka kumanda."

"Akusekeni. Inu mumawerenga kuchokera pomwe mwayambira. Ine ndikuwerenga kuchokera pomwe iye adzalowere."

Mmisiriyo anakanda m'mutu, nayang'ana mawu apakhoma aja. "Inu mukanakhala kapitawo, tonse tikanathawa ntchito." Koma anagwada n'kutsegula chitini cha penti.

Masiku atatu mphepo inalowa ndi kutuluka m'chipindamo ngati mlendo wozolowera. Popita kuchipatala Nankhawa ankasuzumira n'kununkhiza, pobwera ankanunkhizanso. Lachinayi, magalasi atalowa, anapachika kachipewa ka mwana pamsomali n'kutseka chitseko.

Lachisanu m'mawa anakachotsa, nakakanikiza pamphuno. Anapuma kamodzi, kawiri. Sopo yekha.

Atabwera naye mwana, anapeza alamu aja ataima pakhoma ndi kaburashi konyowa m'manja.

"Taonani manyazi anga," anatero, akuloza timadontho ta fumbi ndi phiko la kagulugufe lomwe linaumira mu penti. "Ndingokonza apa pokha."

Nankhawa anawagwira pamkono mpaka burashi inabwerera m'chitini, chivindikiro n'kutsekedwa, chitini n'kutuluka panja. Kenaka analowanso, nafukula kansalu kumaso kwa mwana, n'kuyang'anitsitsa kachifuwa kaja. Kanakwera. Kanatsika. Kanakweranso, mosafulumira.

Pamwamba pawo, kaphiko kaja kankanyezimira padzuwa ngati kakufuna kuuluka.