Apongozi ku Dziwe la Kasupe

Esnath anadziwa kuti tsiku lake lawonongeka atangotuluka m'nyumba. Kumpando wakutsogolo kwa galimoto kunali kutakhala kale apongozi ake aamuna, a Kadammanja, jekete ili m'thupi, chipewa chili pabondo, lamba atamanga. Mwamuna wake, Osborne, ankapukuta galasi uku akuliza likhweru.

"Bambo a Shanice," anatero Esnath chapansipansi, "kodi bambo akupita kuti?"

"Tipitira limodzi. Akhalitsa m'nyumba, akawongoleko miyendo. Ndi surprise!"

Amuna ena mtima wawo umakoma mpaka kutseka nzeru, ndipo Osborne anali mkulu wa gulu limenelo. Esnath anangokakhala kumbuyo atakumbatira chikwama chake.

A Kadammanja anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona mdzukulu wawo, ndipo chifikireni Esnath sanapumepo bwino m'nyumba yake yomwe. Mwambo ndi wodziwika: mpongozi sudya naye mbale imodzi, sumuyang'ana m'maso, sumukhudza podutsa. Kumudzi zimenezi sizivuta, bwalo ndi lalikulu ndipo njira yakuseri siisowa. Nanga kanyumba ka ku Bilston, kuno ku UK, ka bafa imodzi ndi masitepe oti anthu awiri sangapatukirane? Akamva chitseko cha chipinda chawo chikulira, iye ankathawira kukhitchini. Chitenje sichinkachoka m'chiuno. Ndiye chaka chimenecho dzuwa linachita kulusa, udzu wa m'mapaki unapsa wonse, tauni inangoti mbuu ngati chipululu, pomwe nyumba zakuno anazimanga kuti zizisunga kutentha.

Ulendo wa tsikulo unali wokasambira kudziwe. Za dziwelo anamuuza ndi Rabecca, nesi mnzake wa ku Zambia amene amagwira naye ntchito kuchipatala ku Edgbaston. Kale pamalopo ankaphwanyapo miyala, mpaka tsiku lina kasupe anaphulika pansi n'kudzaza dzenje lonselo. Madzi ake ndi oyera, ozizira ngakhale kunja kutentha bwanji. Ena amasambira pamwamba, ena amamira pansi atabereka zitini za mpweya. Esnath anaphunzira kusambira atakula kale, nyengo yonse yozizira akumwa madzi a m'dziwe la khonsolo, ana a eniake akumuseka. Tsopano anali atalembetsa ola limodzi pa tsiku lake lopuma. Ankangofuna ola limodzi lokha loti asakhale nesi, asakhale mayi wa munthu, asakhale mpongozi wa munthu. Ngakhale Shanice anali atakamusiya kwa anzake.

Atafika, mtima unamupweteka kwambiri chifukwa malowo analidi okongola. Madzi obiriwira, miyala yapansi ikuoneka, makoma a mwala atazungulira. Pafupi ndi kamlatho kamatabwa kolowera m'madzi panali benchi yopanda choyedzamira, ndipo pa mabenchi onse a pamalopo Osborne anasankha imeneyo kuti akhazikepo bambo ake.

Esnath anatuluka m'chipinda chosinthira atavala chovala chosambira m'kati, chitenje china atamanga m'khwapa, china atafunda m'mapewa. Mayi woyang'anira osambira anamufotokozera mwaulemu kuti nsalu yolendewera siiloledwa m'madzi, imakola miyendo. Aisiye pamtunda. Ndipo njira yochokera pamtundapo kukafika pakamlatho inkadutsa pamaso penipeni pa a Kadammanja.

Anakodola mwamuna wake.

"Atengeni mukawagulire tea."

"Amwa kale. Akuti malo ano awakonda, view yake ndi yabwino."

"Ndiye ine ndivule pamaso pawo?"

"Aa, kuno ndi ku UK. Sangamainde. Taonani azungu onsewa mmene avalira."

"Azunguwo ndi apongozi awo? Azunguwo adzakumana nawo pamasitepe madzulo ano?"

Osborne anakanda m'mutu. Nkhope yake inaonetsa kuti nkhaniyi ikumufika tsopano, koma ikuyenda wapansi. "Ndiye titani? Booking ija yayamba kale."

"Mukundifunsa ine?"

Anthu ankadutsa n'kumadziponya m'madzi, phuvu! Agogo ena achizungu, oti kwathu akanakhala akuothera dzuwa pamkeka, anadutsa akuthamanga n'kudumphira mutu pansi. Amuna awiri a zitini kumsana anamira, thovu lokha n'kumabwera pamwamba. Esnath anangoima njo, thukuta likuyenderera m'kati mwa zitenje ziwiri. Anakwiyira Osborne, anakwiyira dzuwa, anakwiyira Rabecca amene anamuuza za malowa, anadzikwiyiranso yekha chifukwa chotchula za ulendowu m'nyumba. Ola lake linkatha iye ali pamtunda, ndipo tsiku lina lopuma linali kutali. Anatembenuka kuti akavale, azipita kwawo.

Pamenepo a Kadammanja anatsokomola. Maso awo anali pa nsapato zawo, ndipo Esnath anazindikira kuti chitulukireni iye m'chipinda chosinthira sanadzutsepo mutu.

"Osborne."

"Wawa, bambo."

"Tandigwira dzanja."

Mwana wawo anawagwira. Mkuluyo anakweza mwendo umodzi movutika, bondo likulira, n'kuudutsitsa pabenchi. Kenako winawo. Anakhazikika bwinobwino, anakonza jekete, anavala chipewa. Tsopano madzi anali kumsana kwawo. Kutsogolo kwawo kunali mpanda wawaya, mabini a zinyalala ndi malo oimikapo magalimoto.

"Ine madzi ndawaona, ndakhuta," anatero. "Tsopano ndikufuna ndione magalimoto. Uwauze mayi a Shanice asataye nthawi."

Mayi a Shanicewo anali chiimire pafupi pomwepo, ndipo anamva okha. Osborne anatsegula pakamwa kuti apereke uthengawo, koma diso limene mkazi wake anamuponyera linamutseka.

Esnath anamasula zitenje, n'kumuponyera mwamuna wake kumaso, n'kuthamanga. Madziwo anamuluma thupi lonse nthawi imodzi, mpweya unamuthera, anakuwa osafuna. Kenako thupi linavomera. Anatambasula manja monga anaphunzirira, kutentha kwa miyezi yonse ija kukumuchoka pang'onopang'ono. Pansi pake madzi ankanka nada, ozama kuposa mmene ankaganizira, koma sanachite mantha. Atafika pakati anagona chagada n'kumayandama, m'makutu muli zii.

Akanangokhala choncho bwenzi zili bwino. Koma munthu sachedwa kucheuka.

Kumtunda aliyense ankayang'ana kumadzi, kupatula msana umodzi wa jekete yakuda. Osborne anaima pambali pawo ngati muulutsi wa mpira, mawu ake akumveka dziwe lonse. "Afika pakati, bambo! Pakati penipeni! Tsopano agona chagada, sakumira ayi!" Ndipo mkuluyo, osacheuka ngakhale pang'ono, anakweza manja n'kuyamba kuwomba, kuwombera mabini ndi magalimoto.

Esnath anafuna kuseka, koma analephera. Miyezi yonseyi iye ankawerenga mavuto ake okha. Sanaganizepo kuti akamathawira kukhitchini, nawonso amakhala ataima kuseri kwa chitseko kudikira kuti adutse, kuti mwina amapirira ludzu m'chipinda chotentha pofuna kumupatsa mpata m'nyumba yake. Ndipo lero, tsiku loyamba kutulutsidwa kukaona dziko, anavala jekete yawo yabwino.

Zinamukwiyitsa kwambiri, chifukwa tsopano ngakhale mkwiyo umene anausungira Osborne sunkagwiranso bwino. Anafuna kutuluka msanga kuti awamasule, koma anadziwa kuti akatero awachititsa manyazi, mphatso yawo ibwezedwa. Choncho anapukuta m'maso ndi madzi a kasupe, n'kupitiriza kusambira mpaka ola lake litakwana. Nthawi yonseyo a Kadammanja anakhala padzuwa, msana uli chilili, akuyang'ana mabini.