Chinsalu Chopanda Chaka

Chipinda changa chosokera chili pansi pa mipando ya anthu oonerera, m'bwalo la ayezi la timu ya Atsekwe, kuno ku Coulter Bend. Chili ndi kawindo kamodzi, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndaonera hoke, masewero otsetsereka pa ayezi, pa kawindo kameneko, kuyambira m'chiuno mwa osewera kutsika. Dzina langa ndine Stefka Woloschuk. Ndimasoka mayina kumsana kwa majezi. Ndimachotsanso mayinawo, ndipo kunena zoona, yochotsayo ndiyo yandichulukira.

M'mawa wa Lachisanu limene ndikunenali, kumapeto kwa February, galimoto yosalaza ayezi inali itangomaliza kuthira madzi otentha, nthunzi n'kumayenda pang'onopang'ono pamwamba pa bwalo. Maso angawa masiku ano amaika chiwanga chotuwa pakati pa chilichonse chimene ndayang'ana, choncho nthunziyo ndinkaionera m'mbali. M'kati mwake ndinkaona anyamata onse amene ndinawasokerapo mayina, akutsetsereka opanda phokoso, ena ndi imvi zawo, ena amene anagona kale kumanda a kuseri kwa njanji. Ankazungulira, kuzungulira, ngati akudikira kuti wina aimbe wezulo. Dokotala wa maso anandiuza mosapita m'mbali kuti bowo la singano ndiliona chaka chimodzi chokha, Mulungu akalola chaka ndi theka. Nkhaniyi sindinauze aliyense kubwaloko.

Tsiku limenelo linali lomaliza kusinthana osewera. Ikangokwana 2 koloko masana, timu iliyonse imakhala ndi amene ili nawo mpaka nyengo ya masewero ithe. Manijala wathu, Trent Halvorsen, anali ndi njira ziwiri. Yoyamba inali kupereka anyamata athu atatu ang'onoang'ono, aja tonse timati adzakhala zimphona, ku timu ina ya kum'mawa kuti itipatse womwetsa zigoli wake wotchuka, ndiye tiyesere kutenga chikho chaka chomwechi. Yachiwiri inali kusunga anawo, kulola akuluakulu apite, n'kuyamba kumanganso timu, ntchito ya zaka zisanu ngati zayenda bwino. Tauni inagawikana pakati. Kumalo omwera khofi a pa kona, amuna amene anakhala tebulo limodzi kuyambira ali anyamata anasiya kupatsirana shuga. Ena ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ena ankati sunga khosi mkanda uoneka.

Ine ndinali wa fodya wa pamphuno, ndipo chifukwa changa chinali m'bokosi pansi pa tebulo lodulira nsalu.

Kwathu kuno chikho sachitchula dzina chisanabwere. Timangoti "chijachi". Sachikhudza, sachijambula, sakonzera malo pa shelefu. Mwana wa zaka zisanu amadziwa zimenezi. Koma zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo, Atsekwe atafika mu ndime yomaliza n'kupambana masewero atatu oyamba, kutatsala amodzi okha, ine ndi nzeru zangazi ndinagula nsalu yobiriwira yotalika ngati chitseko cha garaja. Ndinasoka chinsalu chimene timu yopambana imapachika kudenga, chonse, tsekwe wake, mawu ake, mpaka chaka. Ndinkafuna kuti m'mawa mwake anthu adabwe kuti Stefka ndi wachangu. Tinagonja masewero anayi motsatizana. Kuyambira pamenepo sitinafikenso pafupi. Ndinachotsa manambala a chakacho, ndinapinda chinsalucho, ndipo amene ankadziwa ndi malemu amuna anga okha, a Myron, amene mpaka tsiku lawo lomaliza ankanditcha "mfiti yanga ya singano" tikakhala awiri.

Ndinkafuna kusoka chaka pa chinsalu chimenecho ndi maso anga, n'kuchiona chikukwera. Zaka zisanu ndinalibe.

Cha m'ma 9 koloko chitseko chinatseguka, analowa Colby Desjarlais, kaputeni wathu, wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, munthu amene timu yonse inapachikidwa pa mapewa ake.

"Amayi, jezi ija yakonzeka?"

"Moni kaye, iwe. Kodi ulemu unagwera pa ayezi limodzi ndi mano ako?"

"Mwadzuka bwanji, amayi a fuko lonse? Nanga mapirogi, zitumbuwa zanu za mbatatesi munalonjeza zija?"

"Mapirogi ndi a anthu okweza manja onse awiri."

Sanaseke. Anatseka chitseko ndi phazi n'kukhala pa mpando, ine n'kumuveka jezi ngati mwana wopita kutchalitchi. Kuyambira November dzanja lake lamanzere silinkakwera kupitirira chifuwa. Jezi ya hoke imalowera kumutu manja ali m'mwamba, ndiye ndinamusokera zipi yobisika kuchokera m'khwapa mpaka m'chiuno, pansi pa mzera woyera, pa majezi ake onse. Dokotala wa timu sankadziwa, kochi sankadziwa. Anyamata a hoke ndi otero, fupa likathyoka amati ndi kachimfine. Tinkadziwa awiri, iye ndi ine, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chake chokhalira chete.

"Dzulo Tessa amafuna ndimunyamule," anatero akuyang'ana pansi. Tessa ndi mwana wake wa zaka zinayi. "Tinaumba chimunthu cha chipale chofewa pabwalo, ndiye amafuna achiveke chipewa yekha. Ndinamuuza kuti adadi atopa."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati adadi amangotopa. Anakatenga mpando." Anaseka pang'ono. "Miyezi itatu yokha, Amayi. Tikangotenga chikho, akhoza kulidula dzanjali n'kulipachika kudenga."

"Usatchule!" Ndinamenya tebulo mpaka masizasi anadumpha. "Lavula, msanga!"

Anachita ngati walavula, anandipsompsona pamutu, n'kutuluka.

Anyamatawo ndinawaonera pa kawindo akukonzekera. Munthu wa maso abwino sakanaona kanthu. Koma ine, amene pakati sindiona, ndimaona bwino zam'mbali, ndipo ndinkaona m'mene Colby ankakhotera thupi lonse kuti phewa lisakumane ndi khoma. Kumbuyo kwake kunkadutsa ana atatu aja, opepuka ngati alibe mafupa. Mmodzi, Anders, ndinamusokera dzina mu September, ndipo anabwera kudzandithokoza ndi maluwa a m'sitolo, manyazi ali tho. Ndinatsinzina. M'maganizo ndinaona bwalo litadzaza, magetsi atazimitsidwa kupatula limodzi, chinsalu changa chikukwera pa zingwe pang'onopang'ono, tsekwe akugwedezeka ngati akufuna kuchoka pa nsaluyo. A Myron anali pa mpando wawo wa nthawi zonse, atavala chipewa chawo cha makutu, akundikodola. Sindikudziwa ndinakhala choncho nthawi yotalika bwanji. Khofi wanga anazizira.

Itangodutsa 1 koloko foni ya pakhoma inalira. Anali Trent, akundipempha kuti ndikwere ku ofesi. Ndinatenga jezi ya Colby ya pa masewero, imene inali pa hang'ala, n'kuikoleka pa mkono. Musandifunse chifukwa. Ndinadziuza kuti ndikufuna kukaona ulusi wake pa kuwala kwa pamwamba.

Trent ndinamusokera jezi yake yoyamba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mamina ali mbwee. Tsopano ali ndi tayi ndi makompyuta awiri odzaza mizere yokwera ndi yotsika. Anali atavula nsapato, akuyendayenda ndi masokosi.

"Khalani pansi, Amayi. Mwadya?"

"Sunandiitanire chakudya. Nena."

"A kum'mawa akudikira yankho. Ndikati inde, Anders ndi anzake awiri akwera ndege mawa." Anapukuta kumaso ndi manja. "Manambala akuti mwayi ulipo, koma pokhapokha Colby atakhala Colby mpaka May. Dokotala akuti ali bwino. Colby mwiniwake akuti ali bwino. Koma amene anali pa mpandowu ine ndisanabwere anandiuza chinthu chimodzi, kuti munthu amanama, jezi sinama, ukafuna zoona ukafunse a Woloschuk. Ndiye ndikufunsani, Amayi. Ali bwino?"

Panja chipale chinkagwa mosafulumira, chikuluchikulu, ndipo m'maso mwanga chinkatulukira m'mphepete mwa chiwanga chija n'kulowanso. Liwu limodzi lokha linkafunika. Ndikanati "ali bwino", Trent akananyamula foni, womwetsa zigoli akanabwera, ndipo mwina, mwina, pofika May ndikanatsegula bokosi lija. Ndinkalifuna kwambiri liwu limenelo. Ndinachita mantha ndi m'mene ndinkalifunira.

Koma ndinkangoona kamwana kakukoka mpando pa chipale. Ndinaonanso kuti ndikufuna kuchita zomwe zija, kusoka chaka chisanafike, koma ulendo uno ndi phewa la mwana wa eni.

Ndinayala jezi pa tebulo, pamwamba pa mapepala ake. Ndinafufuza ndi chala pansi pa mzera woyera, ndinapeza kamutu ka zipi, n'kukoka. Inatseguka mpaka pansi ndi kaphokoso kakang'ono.

Trent anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Kuyambira liti?"

"November."

"Miyezi inayi, Amayi? Inu?"

"Ine ndemwe. Ukalipe mawa, nthawi ikukuthera."

Ananyamula foni ine ndisanafike pachitseko. Pofika 2 koloko a kum'mawa anali atakanidwa, ana atatu aja anatsala, ndipo akuluakulu anayi anatumizidwa ku matimu ena posinthana ndi achinyamata amene mayina awo sindinkadziwa n'kalembedwe komwe. Colby sanamutumize kulikonse kupatula kuchipatala. Madzulo a tsikulo ndinachotsa mayina anayi. Dzina likachoka pa jezi timabowo ta singano timatsala, moti ukayendetsa chala umaliwerengabe.

Tauni inalusa. Wina analemba mawu oipa pa chipale cha pa galimoto ya Trent. Tinagonja masewero khumi ndi anayi mwa makumi awiri otsalawo, ndipo Colby sanapondenso m'chipinda changa. Tikakumana m'sitolo ankapeza chinthu chofunika kwambiri choti awerenge pa chitini cha nyemba. Zinandipweteka, sindibisa.

Anabwera pakati pa April, tsiku losungunula ayezi. Makina oziziritsa anali atazimitsidwa, mizere yofiira ndi yabuluu ikusungunukira m'madzi, bwalo lonse likununkha ngati chithaphwi. Zitseko zazikulu zinali zotsegula, ndipo kunja, m'mwamba, atsekwe enieni ankabwerera kuchokera kum'mwera akulongolola. Anaima pakhomo, dzanja lili m'chikwama cha nsalu chokolekedwa m'khosi.

"Mwadzuka bwanji, Amayi," anatero. "Mwaona, ndayamba ndi moni."

"Ndadzuka. Akuti bwanji odula anthuwo?"

"Akuti ndikanasewera mwezi wina umodzi, bwenzi ndikupesa tsitsi ndi dzanja limodzi mpaka kufa. Kusewera ndiye kwatha. Trent akufuna ndiziphunzitsa anawa." Anakhala pa mpando wake uja. "Koma ndikadali wokwiya, mudziwe. Munandilanda chaka changa chomaliza."

"Kwiya ndithu. Koka bokosi ilo ndi dzanja lako labwinolo."

Tinachiyala pa tebulo, china n'kulendewera pansi. Kubiriwira kwake kunali kusanasuluke. Ndinamuuza zonse, za masewero atatu aja, za changu changa, za a Myron. Kenako ndinamuuza za maso. Madzi ankamveka akudontha m'ngalande za bwalo.

"Ndiye kuti tsiku lija munkadziwa kuti inunso..."

"Ndinkadziwa."

"Abale inu," anatero motsitsa. Anayendetsa chala pamalo opanda kanthu pansi pa tsekwe, pamene timabowo ta chaka chakale tinatsalira. "Ndiye ndinu munatilodza? Bambo anga anafa akutukwana goloboyi wosalakwa!"

Tinaseka mpaka ine misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kusiya.

Kuyambira tsiku limenelo, masana aliwonse ndikamaliza ntchito, ndimatenga kansalu kotsala, ndimatsinzina, n'kumaphunzira kusoka manambala ndi zala zokha. Ndadzibaya kosawerengeka. Nambala 8 ndi yamwano, koma ikugonja. Manambala enieniwo ndawadula kale onse, awiriawiri, ali m'chitini cha mabisiketi, koma pa chinsalupo sindinaikepo ngakhale ulusi umodzi, ndipo sindiika mpaka wezulo yomaliza italira. Kamodzi kanandikwana.

Ana aja akukula. Anders wayamba kumera ndevu zoseketsa. Pa kawindo kanga tsopano ndimaona kuwala kokha ndi zithunzithunzi zikudutsa, koma phokoso la mipeni ya nsapato zawo pa ayezi ndimalimva, ndipo chaka chino likufulumira kuposa chatha.

Chinsalucho chikadzakwera sindidzachiona. Tinapangana ndi Colby kuti adzakhala pafupi nane, pa mpando wa a Myron, kuti adzandiuze ngati manambala ali owongoka. Ndinamuuza kuti mawu okha sindidzakhulupirira, chifukwa anyamata a hoke amanama. Ndidzagwira chigongono chake chamanzere, iye adzaloze kudenga, ndipo ndidzamva ndekha dzanjalo likukwera mpaka pamwamba.