Stellah Anakhalira Ndowa

Lole itangotsitsa mchenga wa m'dimba kuseri kwa nyumba ya Madamu, bwana wawo, ku Jumeirah Village Circle ku Arabiya, Mwaka wophika, mayi wa ku Zambia, ndiye anayamba kuona njoka. Inali pakhomo pa kachipinda ka Stellah, wolera ana, theka la thupi lili mumchenga.

"Ya mitu iwiri!" anakuwa Mwaka. "Nenze kukamba ine! Ndiye chifukwa Madamu amakonda iwe. Unabwera nayo kuchoka ku Malawi."

Madamu atamva kuti ndi njoka ya mankhwala, sanafunse zambiri. "Khalas, basi. Ipheni. Iwe Stellah, longedza katundu wako."

Stellah anatenga ndowa yochapira, anaivundikira njokayo n'kukhala pamwamba.

"Siiphedwa iyi, Madamu. Mukaiphwanya mutu, aliyense adzanena zake, ine n'kukhala mfiti mpaka kutchalitchi. Itanani ogwira njoka aione ili moyo."

"Dzuka pamenepo!"

"Sindidzuka."

Stellah njoka ankaziopa chiyambire ubwana. Dzuwa linkamuwotcha m'khosi, yunifolomu itanyowa thukuta, koma sanasunthe. Madamu anakalipa mpaka mawu anasasa. Kenako anaimba foni.

Anabwera bambo wa ku India wogwira njoka. Atavundukula ndowa anaseka, n'kuinyamula ndi manja. Inali yaifupi, yonenepa, yachikasu ndi mizere yoderapo.

"Mutu ndi umodzi, uwu," anatero. "Uku ndi kumchira, kungoti ndi wobuntha. Taonani maso, ali pamwamba pa mutu, kuti izisuzumira thupi lonse litakwiririka. Ululu ilibe. Kwawo ndi m'chipululu cha Arabiya muno. Yabwera ndi mchengawu."

"Ku Malawi imapezeka?" anafunsa Stellah.

"Mtundu uwu? Ayi."

"Tabwerezani, bambo. Alipo wina sanamve."

Bamboyo anabwereza. Mwaka anayang'ana kumbali, n'kunena kuti mpunga ukupserera.

Stellah anatambasula manja, bamboyo n'kumupatsa njokayo. Njokayo inali yosalala, ndipo inkakankha mphuno pakati pa zala zake ngati ikufuna pokumba. Anaigwirabe mpaka bamboyo atamujambula pa foni. Chithunzicho anachitumiza ku gulu la amayi a kutchalitchi Mwaka asanatumizeko zake.

Bamboyo anaiika m'thumba kuti akaitaye kuchipululu. Kupepesa panalibe.

"Yalla, fulumira," anatero Madamu motsitsa mawu, "ana akudikira."

"Adikire pang'ono, Madamu. Ndiyambe ndasamba."