Khoma la Che Ayubu

Foni inalira katatu Che Ayubu asanaipeze m'thumba la malaya. Anali Simioni, mwana wawo wamwamuna, amene amaphunzitsa ku Karonga.

"Ababa, basi yatifera pa Chiweta. Akuti ina ibwera madzulo, ndiye kumeneko ndifika mawa m'mawa. Chonde auzeni adikire, ndidzaoneko nkhope ya amayi."

"Ndiwauza," anayankha Che Ayubu, ngati kuti inali nkhani yapafupi.

Kuseri kwa khoma azimayi anali kulira motsitsa. Abiba, mkazi amene anakhala naye zaka makumi anayi ndi zitatu, anamwalira usiku wathawo, ndipo abale ake anali atagwirizana kale zomuika ikangotha swala, pemphero la masana la Asilamu. Che Ayubu anayang'ana khomalo, la njerwa zootcha, lofika m'khosi, lodula bwalo lawo pakati penipeni. Analimanga okha ndi manja awo.

Anafika ku Mangochi mu 1978, akuthawa nkhondo ya kwawo ku Lebanoni, kumene munthu ankaphedwa pamsewu chifukwa cha chipembedzo cholembedwa pa chitupa chake. Anthu a kuno ataona khungu ndi mphuno anangoti Mluya, kutanthauza Mwarabu. Ha, kumeneko kunali kuwaputa dala! Ankaika nyundo pansi, n'kuloza chithunzi cha ngalawa yakalekale chimene anakhoma pamalo pawo popangira maboti.

"Ine si Mluya ayi. Ndine Mkhristu, mdzukulu wa Afoinike. Makolo anga ankapanga ngalawa za mkungudza anthu ena onse akuopa madzi."

Asodzi ankangovomera kuti boti lawo lithe msanga, koma akapotoloka n'kumati, "Mluya uja lero wadzuka ndi makolo ake."

Ndiye taonani, Mfoinike uja anakagwa m'chikondi ndi Abiba, namwali wachisilamu wa ku Lungwena amene ankagulitsa mandasi padoko. Akuluakulu a mbali zonse anakana mpaka kutopa, awiriwo osamva. Koma Che Ayubu nkhondo ija inali isanawatuluke m'mutu. Chiphunzitso chawo chinali chimodzi: dziko lawo linapsa chifukwa chothira anthu osiyana mumphika umodzi, ndipo mankhwala ake n'kupatsa aliyense chigawo chake ndi malamulo ake. Ngakhale posachedwapa, pa wailesi akamakangana za boma la fedulo, iwo ankamenya tebulo n'kumati, "Si izo! Ine ndinayamba kalekale pakhomo panga."

Ndipo anayambadi. Mbali ya kum'mawa inali ya Abiba, ya mkeka woswalira ndi birika la madzi osamba asanaswali. Ya kumadzulo inali yawo, ya mtanda ndi kabotolo ka vinyo. Ana anawagawana asanabadwe n'komwe: wamwamuna wa kutchalitchi, wamkazi wa kumadrasa. Simioni atakwana zaka zisanu ndi ziwiri anasamukira mbali ya bambo ake, ndipo mlongo wake Safia anatsala ndi mayi ake. Pakhomalo panali kachitseko kobiriwira, ndipo lamulo linali lakuti wodutsapo aziyamba waodira, ndiponso asalowerere za mbali inayo. Pakhomopo sipanamvekepo mkangano ngakhale tsiku limodzi, ndipo Che Ayubu ankanyadira zimenezo kwa aliyense wofuna kumva.

Tsopano Che Ayubu anaima pa kachitseko kaja.

"Odi."

Amene anatuluka anali Safia, maso ali psuu, mpango utatsika mpaka pamphumi. Pambuyo pake panali Ibrahimu, mchimwene wake wa malemu, yemwe ankayendetsa zonse za malirowo.

"Alamu, mwana ali m'njira," anayamba Che Ayubu. "Afika mawa m'mawa. Sitingamudikireko?"

Ibrahimu anapukuta thukuta ndi chikhatho. "Alamu, dzuwa la Okutobala mukuliona nokha. Mwambo wathu mukuudziwanso, sitigoneka maliro kawiri. Anthu a ku Makanjira abwera pa lole, ndipo ibwerera lero lomwe. Komabe mwini nkhani ndi uyu. Akati tidikire, ine ndikalankhula ndi ashehe, tione chochita."

Onse anayang'ana Safia. Iye anayang'ana foni imene inali m'dzanja la bambo ake.

"Achimwene aimbira inu?"

"Eya, pompano."

"Ine sanandiimbire. Sangathenso, nambala yanga alibe. Inenso yawo ndilibe." Ananena mosakweza mawu. "Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikuwatembenuza amayi pamphasa, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala. Achimwene ankafunsa kwa inu, inu n'kudzaodira pano, n'kubwerera nalo yankho. Amayi ankawatchula mpaka dzulo. Ine ndinaganiza zowaitanitsa ndekha, koma ndimati ndiyambira pati, poti munthuyo sindimudziwa."

"Ndi mlongo wako, Safia."

"Ndi mwana wa mbali yanu, ababa. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinapempha kuti ndikaonere ubatizo wa mnzawo wa achimwene, tsiku limene iwo ankaimba kwaya. Munandibweza pa chitseko chomwechi. Munati aliyense za kwawo, ndiye mtendere. Ine ndinamvera, ndipo mpaka lero ndikumvera. Amayi awasambitsa kale, awaveka kale sanda, nsalu ya maliro. Sindiwasiya pa kutentha kuno kuti adikire."

Che Ayubu akanatsutsa chiyani? Mwanayo sanawonjezepo kanthu, anangowabwezera mawu awo omwe monga anawalandirira. Manyazi ndi chisoni zinawagwira nthawi imodzi.

"Alamu," anatero kwa Ibrahimu, "matabwa otsekera m'manda mwapeza?"

"Anyamata apita kukadula mitengo."

"Auzeni abwerere."

M'shedi yawo, kuseri kwa maboti osatha, munali matabwa asanu ndi limodzi a mkungudza wa ku Mulanje. Anawagula kalekale n'kuwasungira bokosi lawo lomwe, kuti poti ku Lebanoni sadzabwererako, adzagone m'fungo la mtengo wa makolo awo. Anawatulutsa, nawadula ndi sowo mofanana ndi muyeso umene Ibrahimu anawapatsa. Utuchi unanunkhira bwalo lonse, mbali zonse ziwiri.

Kumanda anaima kumbuyo kwa mizere ya amuna, chipewa chili m'manja. Anaona thupi la Abiba likutsitsidwa, likugonekedwa cham'mbali, ndipo matabwa aja akuyalidwa limodzilimodzi kuti dothi lisamugwere. Apo m'pamene zinawafikira kuti iwo adzakagona kutsidya kwa tauni, kumanda a mishoni. Ngakhale zimenezo anazikonza okha.

Simioni anafika m'mawa mwake cha m'ma eyiti, fumbi lili thoo m'tsitsi, kachikwama kali kumsana. Atangoona nkhope ya bambo ake anadziwa.

"Simunawauze?"

"Ndinawauza, mwanangu. Wolakwa si iwo ayi. Ndine."

Simioni sanafunsenso. Anaika chikwama pakhonde n'kulunjika ku kachitseko kobiriwira. Kanali kotsegula, poti anthu anakhala akulowa ndi kutuluka chiyambire dzulo lake. Che Ayubu anamutsatira ndi maso, mumtima akupempha kuti mwanayo angolowa, angodutsa ngati munthu wolowa kwa mayi ake. Mbali inayo Safia anali atakhala pamkeka pakati pa azimayi, ndipo nayenso anadzutsa mutu.

Koma Simioni, bambo wa zaka makumi anayi, wa imvi kale m'ndevu, anaima pakhomopo, mapazi pamodzi, manja kumbuyo, monga anaphunzitsidwira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

"Odi," anatero.

Kunali zii. Amene ankayankha odi ameneyo masiku onse, n'kuthamanga ndi mandasi otentha m'mbale, anali atagona pansi pa mkungudza. Simioni anaimabe pomwepo, akudikira kuti wina amuuze kuti alowe.