Mabala Asanu ndi Awiri a Prokip

Harasym anavundukula nsalu n'kuyamba kuwerenga mabala ndi chala. Awiri pamutu, limodzi mwa awiriwo lofika pafupa. Atatu kumsana. Lina pamkono, lina m'nthiti. Mtembowo unali wa Prokip, mwamuna wa Yavdokha, amene anali mwana wa mlongo wake wa Harasym. Anamupeza dzulo lake pamalire a dambo, chikwakwa chili poteropo, ndipo amayi awiri amene ankaunjika udzu anaona ndi maso awo Pan Dobek, bwana mwini minda yakumeneko, akumukwapula ndi lupanga ali pakavalo.

Kwa zaka makumi atatu Harasym anali mthenga wa bwalo lamilandu m'chigawo cha Belz. Kulemba sankadziwa, ndipo panalibe amene anamufunsapo zimenezo. Ntchito yake inali maso ndi pakamwa. Munthu akaphedwa, mthenga ankaona mabala, kufuula dzina la wakupha katatu pamanda, kenako n'kukanena ku linga la boma, kumene kunali bwalolo, kuti alembi alembe m'buku. Zikatero mlandu unkaima, ngakhale wopalamulayo akhale ndi akavalo zana.

"Amalume," anatero Yavdokha, maso ali gwa, osatulutsa msozi, "abambo atchalitchi akuti tidikire kaye. Akuti masiku ano pamafunika dokotala wa boma."

"Dokotala wa chiyani? Akudwala Prokip?"

"Akuti malamulo anasintha."

"Wansembe ameneyo adziwe za makandulo ake," anayankha Harasym. "Asilikali achilendo a majekete oyera aja analanda dziko lino zaka khumi zapitazo, bwalo linatsekedwa? Mafumu amasinthana, mwanawe, koma buku ndi lomwe lija. Ndi dzuwa limeneli ufuna mwamuna wako anunkhe m'nyumba? Muike mawa. Zotsalazo undisiyire ine."

Kunena zoona, nkhalambayo inali isanaitanidwe kulinga chiyambire nyengo yachisanu. Mphekesera inazimva, koma inkati ndi nkhani za kumowa. Munthu ukakalambira pa ntchito imodzi umayamba kuganiza kuti dziko linamangidwa mozungulira iweyo.

M'mawa mwake anthu anali ochepa kumanda, poti ambiri ankalima minda ya Pan Dobek. Harasym anavala mkanjo wake wabuluu wothetheka m'zigongono, anavula chipewa, naima kumutu kwa dzenje. Mawu anali nawobe, amenewo ukalamba sunawakhudze.

"Imvani anthu inu! Prokip wagona apayu sanafe ndi matenda. Wamupha ndi Pan Dobek!"

Anafuula kachiwiri, kachitatu, mpaka akhwangwala anabalalika m'mitengo. Ena mwa olira anayang'ana pansi, wina anazemba mwakachetechete. Yavdokha ndiye anagwetsa msozi wake woyamba pamenepo, nagwira dzanja la malume akewo n'kulipsompsona. Harasym anamva kukoma mumtima, tisabise. Anthu anakwirira dzenje.

Ulendo wa kulinga unamutengera masiku anayi, chifukwa bondo linatupa panjira ndipo anagona kawiri m'nkhokwe za anthu. Njira yonse ankabwereza mabala aja pakamwa kuti asaphonye ngakhale limodzi.

Pabwalo la linga anapeza ngolo zitatu. Asilikali ankatulutsa mabuku akuluakulu achikopa n'kumawaponya m'ngolomo ngati nkhuni. Pakhomo panakhala Pan Feliks, mlembi wakale amene anali atalemba mawu a Harasym kambirimbiri, akudya anyezi ndi buledi wakuda.

"Ha! Tambala wa ku Belz!" anatero Feliks. "Ukadali moyo? Ndimayesa unakafuula pamanda ako omwe."

"Tsegulani buku, bwana mlembi. Ndabwera ndi mlandu wa munthu wophedwa."

"Buku liti? Sankha, ali m'ngolomo. Akupita ku Lviv kukadyedwa ndi makoswe."

"Musaseke, ndi mkamwini wanga."

Feliks analeka kutafuna. Anamukhazika pamwala n'kumumvetsera mpaka kumapeto, mabala onse asanu ndi awiri, mmene anazolowerera. Kenako anapukuta mpeni pantchafu.

"Harasym, chigawo cha Belz kulibe. Anachidula zidutswa, chilichonse n'kuchipatsa mkulu wake wolankhula Chijeremani. Bwalo lino analitseka Isitala isanafike. Athenga ngati iwe anawathetsa, kungoti panalibe wokumbuka kudzakuuza."

"Nanga mlandu wa munthu wophedwa umapita kuti?"

"Kwa woweruza watsopano, mtunda wa masiku awiri kuchokera pano. Koma iye safuna pakamwa pa munthu. Amafuna pepala la dokotala amene waona mtembo usanaikidwe. Mtembo uli kuti?"

Feliks anamuyang'anitsitsa.

"Mwaika kale?"

"Ndinafuula katatu. Anthu anamva."

"Ndiye vuto lake limenelo, anthu anamva," anatero Feliks motsitsa mawu. "Kale kufuula kwako kunali lamulo. Lero wangotukwana bwana pagulu popanda umboni. Dobek akafuna, amene alowe m'ndende ndi iwe ndi mayi wamasiyeyo. Ndani anakuuzani kuti muike msanga?"

Harasym anatola chipewa chake. Anadzuka, anayang'ana m'ngolo ngati angazindikire buku lake pakati pa anzake, koma kwa munthu wosawerenga onse anali ofanana. Msilikali wina anamukankha ndi phewa kuti apatuke.

Pobwerera anayenda masiku asanu, ndipo bondo silinali chifukwa chake. Anapeka mabodza angapo panjira. Akanatha kunena kuti mlandu walembedwa, ukungodikira tsiku. Milandu imachedwa, aliyense amadziwa. Koma atafika pa dambo lija anaona anyamata a Pan Dobek akumweta udzu wa Prokip masanasana, akuimba, ndipo manyazi anamugwira.

Yavdokha anali pakhomo, atavala mpango wake wa kutchalitchi. Anali akuuvala tsiku lililonse kuti uthenga wa kubwalo usamupeze ali wosakonzeka.

"Amalume, mwatichedwera. Atiitana liti?"

Harasym anakhala pachitsa n'kumuuza zonse: ngolo, mabuku, dokotala, pepala. Sanadzichepetsere mlandu. Ananena kuti wansembe ankanena zoona, wolakwa ndi iye.

Mayiyo anamvetsera osaphethira. Harasym atatha, mayiyo analowa m'khola, natuluka ndi fosholo ziwiri.

"Ndiye tikamufukule. Dokotalayo adzaone."

"Yavdokha, mwanawe, papita masiku khumi. Ndi kutentha kumeneku..."

"Munati ndimuike, ndinamuika. Munati ndikusiyireni, ndinakusiyirani." Anamuponyera fosholo imodzi pamapazi. "Dzukani, amalume. Ndekha sindingathe kunyamula bokosi."

Harasym anali ataona mitembo yambiri ya m'chilimwe. Ankadziwa bwino chimene chinali pansipo tsopano, ndiponso kuti panalibe dokotala amene akanayenda mtunda wonsewo kudzaona mlimi wosavala nsapato. Komabe anatola fosholoyo, namutsatira kumanda akutsimphina.