Masipika a Kumbuyo

Pa Nsaru padalibe munthu wosadziwa vidiyo sho ya a Goodson. Idali kuseri kwa msika, m'nyumba yaitali yamalata momwe kale ankasungiramo mabelo a fodya, ndipo fungo la fodyayo lidali lisanatheretu. M'katimo mudali mabenchi, TV yaikulu kutsogolo, ndi mapepala akuda apulasitiki okhomedwa m'makoma monse kuti dzuwa lisalowe. A Goodson, omwe anthu ankawatchula bambo a Tamara, adali munthu wabwino ndithu, wopemphera, woimba besi m'kwaya ya kumpingo. Chilema chawo chidali chimodzi: zinthu zikamawayendera, pakamwa pawo pankalemera.

Mkulu wawo wa ku Joni adawatumizira ampu, makina okuzira mawu, ndi masipika asanu. Atatu adawaika kutsogolo, ndipo awiri ang'onoang'ono adawakhomera m'mwamba pakhoma la kumbuyo, monga chinkaonetsera chithunzi cha pakatoni. Akutsogolowo ankalira mpaka malata kunjenjemera. Akumbuyo adangoti zii. A Goodson adasintha mawaya, adawamenya ndi chikhatho, koma osatheka. Adaweruza kuti mkulu wawo adawatumizira zakufa kale, ndipo pokhoma mapepala akuda aja adawaphimbira komweko. Chaka chidatha, eni akewo n'kuiwala kuti pakhomapo pali kanthu.

Kuseri kwa khoma lomwelo kudali kachipinda ka lendi, ndipo munkakhala mayi Gertrude. Adachokera ku Nambuma amuna awo atamwalira, ana awo atatsogola kale. Ankagulitsa thobwa pamsika. Diso lawo limodzi lidachita ng'ala, ndipo masana alionse akaweruka ankadzitsekera n'kumapemphera korona chapansipansi. Pa Nsaru adalibe mbale ngakhale mmodzi. Anthu sankawada, koma panalibenso amene akadawaikira kumbuyo, ndipo zimenezi munthu sazidziwa kulemera kwake kufikira tsiku litafika.

Mafilimu a Goodson ankakoka pa intaneti kudzera m'kabokosi kena kotchipa kolumikiza ku ampu. M'mwezi wa Juni, Kizito, amene amakonza mafoni pakhonde la golosale, adabwera ndi kabokosi katsopano kochokera kwa mnzake wa shopu ku Lilongwe.

"Muyambe mwakayesa, bambo a Tamara," adatero Kizito. "Kakakusangalatsani mugula, kakapanda kutero ndikabweza."

Masana a tsiku lomwelo adaonetsa filimu yachizungu ya anthu osochera m'nkhalango. Pabenchi yomalizira, mutu atatsamira khoma, padakhala Lyson, mnyamata wa kabaza amene malo amenewo adawasandutsa ake. Filimu ili pakati, Lyson adamva kamtengo kakuthyoka kuseri kwa mutu wake. Kenaka mapazi oyenda pang'onopang'ono. Kenaka kupuma kwa munthu, pafupi kwambiri, ndi mawu a mzimayi akunong'ona dzina lake. Adatembenuka, n'kuona pepala lakuda lokha.

"Mwamva?" Lyson adafunsa amene adakhala naye pafupi.

Adamva. Anthu akutsogolo okha ndiwo sadamve kanthu, ndipo adamuseka kuti wasuta. Koma Lyson adatuluka filimu isanathe, nkhope ili mbuu, n'kukaima panja akuyang'ana chitseko cha mayi Gertrude.

Mawa lake adaonetsa mpira ndi nyimbo, khoma lidali chete. Mkuja lake mawu adabweranso. Apa ndiye anthu a pa Nsaru, omwe nzeru zawo zimathamanga kwambiri pa zinthu zoipa, adamanga mfundo. Chikadakhala cha makina, adatero, bwenzi chikumveka tsiku lililonse, komanso bwenzi chikuchokera kutsogolo kumene kuli makinawo. Chinthu chobwera n'kumapita mwakufuna kwake chili ndi mwini wake. Nanga kuseri kwa khomalo kumakhala ndani? Nanga amayi aja akadzitsekera amang'ung'udza ndi yani?

A Goodson nawonso adachita nthumanzi, mpaka adaitana Kizito m'mawa holo ili yopanda anthu. Kizito adaika filimu ya m'nkhalango ija, adayenda mpaka kumbuyo, adamvetsera, n'kuyamba kuseka. Adakwera pabenchi, n'kugogoda kanthu kolimba kuseri kwa pepala.

"Awa si masipika anu akufa aja? Adzuka."

"Adzuka bwanji?"

"Sadafe n'komwe. Taonani pa ampupo, timagetsi tayaka tingati?"

"Tisanu."

"Ndi kabokosi kakale tinkayaka tiwiri. Kaja kamatumiza mawu njira ziwiri basi, kumanja ndi kumanzere, ndiye akumbuyowa ankangodikira chakudya chosabwera. Katsopanoka ndi ampu yanu zikumvana chilankhulo, kakutumiza njira zonse zisanu. Koma si filimu iliyonse, ndi okhawo adapangidwa choncho. Mpira ndi nyimbo zanu zija n'za njira ziwiri."

"Nanga dzina la Lyson?"

Kizito adabweza filimu pang'ono. Mzimayi wa m'nkhalango adanong'onanso kuchokera kukhoma.

"N'chizungu chimenecho. Akuti liseni, kutanthauza kuti tamvera. Munthu wamantha amva dzina lake."

A Goodson adaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo adati awauza anthu masana omwewo. Koma masanawo atatsegula chitseko adapeza mzere wafika kumsika. Mbiri idali itawanda. Anthu ankalimbirana benchi yakumbuyo, ena ataima, makutu atagunditsa kukhoma. Tsiku lamsika kudabwera a ku Kabudula, ena mpaka a ku Mpingu, osadzera filimu koma mfiti yolankhula m'khoma. A Goodson adati awauza mawa. Mawa litafika adatinso mawa. Choipitsitsa, ndipo ichi sindingawachepetsere, adayamba kusankha mafilimu poyang'ana timagetsi ta pa ampu. Filimu yoyatsa tiwiri ankaichotsa.

Mayi Gertrude adawapeza tsiku lina m'mawa akusesa pakhomo pa holo. Adafika ndi chidebe chawo cha thobwa chili chodzaza, n'kuchitula pansi.

"Bambo a Tamara, ndabwera ndi funso."

"Funsani, amayi."

"Kodi anthu andiona chiyani? Thobwa ndikubwerera nalo, la dzulo ndataya. Ana akandiona akuthawa. Lero ndadzuka pakhomo panga atathirapo phulusa."

A Goodson adayang'ana tsache.

"Inenso zapakhomapo ndimazimva," adapitiriza mayiwo. "Mapazi, agalu, anthu kulira. Ine ndimadziwa kuti ndi mafilimu anu, chifukwa mukatseka zimaleka. Si choncho kodi?"

"Ndi choncho, amayi."

"Ndiye auzeni. Ine ndikanena sangandimvere. Inu ndinu mwini malo, ndinu a mumpingo, akumverani."

"Musadandaule, amayi. Anthu a pano mumawadziwa, nkhani imakhala mkamwamkamwa sabata imodzi, kenaka aiwala. Zitha zokha."

Mayi Gertrude adawayang'ana nthawi yaitali ndi diso lawo labwinolo. Adasenza chidebe n'kubwerera kuseri, ndipo kumsika sadapitekonso.

Sabata yomweyo Lyson adadwala. Adayamba ndi mutu ndi kuzizidwa, monga amayambira malungo alionse, koma iye adakana kuchipatala. Adati matenda ake akuwadziwa kumene achokera. Abale ake adazungulira naye kwina, ndipo pomwe ankafika naye kuchipatala n'kuti akubwebweta. Mkulu wake Mateyu, amene ankamudikirira, adabwera pamsika n'kunena kuti mnyamatayo akungotembenuka kuyang'ana kumbuyo, akuti amayi aja akumuitana.

Apa mantha adawagwira a Goodson, mantha enieni, a m'mafupa. Koma mantha ali mitundu iwiri, ena amatsegula pakamwa, ena amatseka. Lachinayi madzulo adazula kabokosi katsopano kaja, adabwezeretsa kakale, n'kupita kwa Kizito.

"Mawa ukupita ku Lilongwe eti? Kabweze aka."

"Muyambe mwawaonetsa anthu, bambo a Tamara. Ng'ambani pepala lija, muike filimu, aone ndi maso. Mukachotsa kabokosika mulibenso umboni."

"Ndiye adziwe kuti ndinkadziwa? Mateyu andiotchera holo. Mawuwo akangoleka, nkhani yatha."

Kizito adapukusa mutu, koma adakalandira. Lachisanu m'mawa adakwera minibasi.

Chimene a Goodson sadadziwe n'chakuti m'mawa womwewo mayi Gertrude adatseka kachipinda kawo kupita ku Nambuma kukaona mlamu wawo wodwala. Akabaza onse adakana kuwanyamula, ndiye theka la msika lidawaona akuyenda pansi ndi kachikwama kawo mpaka adapeza lole ya chimanga.

Masana holo idadzaza monga mwa masiku onse. Anthu adagunditsa makutu kukhoma. Chete. Loweruka, chete. A Goodson adapuma, adaganiza kuti nzeru yawo yagwira, kufikira adamva bambo wina akunena potuluka: "Mwaona? Eni ake achoka, mawu apita nawo." Lamulungu Lyson adamwalira.

Maliro adaikidwa Lolemba. A Goodson adapitako, adaimba nawo, adamva zonse zimene zinkanong'onedwa kumanda, ndipo sadanene kanthu. Adadzilimbitsa mtima kuti mwina mayiwo amva mbiriyo ali komweko, sabweranso. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Mayi Gertrude adabwera Lachiwiri masana, dzuwa lili pamutu, atanyamula kathumba ka mtedza komwe adawapatsa ku Nambuma. Za malirowo sadamve kalikonse. Podutsa pamsika adapereka moni, palibe adayankha. Atangolowa m'kachipinda kawo, njinga zamoto zidayamba kufika imodziimodzi n'kumazimitsidwa kutsogolo kwa holo. Palibe ankakuwa. Anthu ankangobwera, amayi ndi abambo, ena akutola njerwa zoswekasweka za pamulu wa omanga.

A Goodson adatuluka, n'kupeza Mateyu ali patsogolo pa gululo.

"A Mateyu, imani kaye. Amayiwa alibe mlandu. Mawu aja ndi a masipika anga."

"Masipika anu ali kutsogolo."

"Alipo ena kumbuyo. Lowani muone, chonde, lowani nonse."

Adalowa, osati chifukwa chowakhulupirira, koma poti munthu woimba besi kumpingo samukana pagulu. A Goodson adakwera pabenchi ya Lyson n'kung'amba pepala lakuda. Timasipika tiwiri tidaonekera, todzaza fumbi ndi ukonde wa akangaude.

"Si awa. Mapazi aja, kupuma kuja, zonse zinkachokera umu. Ngakhale dzina lija silidali dzina, n'chizungu cha m'filimu."

"Mwadziwa liti?" adafunsa Mateyu.

A Goodson adatsika pabenchi. "Kale ndithu."

"Mng'ono wanga ali moyo?"

"Ali moyo."

Mateyu adayang'ana timasipika tija. Maso ake adali ofiira ndi kulira kwa masiku awiri.

"Chabwino. Alizeni timve."

A Goodson adathamangira kutsogolo. Adaimbira Kizito, foni yake idali yotseka. Adayatsa kabokosi kakale, adasaka filimu ya m'nkhalango ija. Netiweki idazungulira, idazungulira, kenaka chithunzi chidabwera. Adathamangitsa filimu mpaka pamalo paja. Pa ampu padayaka timagetsi tiwiri.

Anthu onse adatembenukira kukhoma la kumbuyo. Pa TV anthu ankayenda m'nkhalango, masipika akutsogolo ankalira mphepo ndi nyimbo. Kunong'ona kuja kudabwera, koma kudatulukira kutsogolo, kutamira m'nyimbo, ndipo adakumva ndi a Goodson okha poti ankakudikira. Adakweza voliyumu mpaka malata adanjenjemera. Akumbuyo adangoti zii.

"Ndi kabokosi," adatero a Goodson. "Aka n'kakale, sikamvana ndi ampu. Kamene kamawalankhulitsa kali ku Lilongwe. Ndipatseni mpaka mawa, Kizito abwera nako."

"Kadapita liti ku Lilongwe?"

"Lachisanu."

"Tsiku lomwe adachoka amayiwa." Mateyu adagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mwaiganiza bwino nkhani yanu, bambo a Tamara. Kaya akudyetsani chiyani."

Adatuluka. Ena adamutsatira mwakachetechete, ngati anthu otuluka m'tchalitchi. Mayi a Tamara, akazi a Goodson, adali atathamangira kale kupolisi, koma kupolisi n'kutali kuposa kuseri kwa khoma. A Goodson adafuna kuwatsekereza pakhomo, anyamata awiri adawakankhira m'kati n'kukoka chitseko, wina n'kuchigwira kunja. Mudatsala iwo ndi nkhalamba ina ya ku Kabudula imene idabwera kudzamva mfiti, itakhala pabenchi yomalizira ndi ndodo yake.

Adakweranso pabenchi, adagwedeza mawaya, adamenya timasipika tija ndi chikhatho monga adachitira chaka chatha. Ankalira tsopano, akuwapempha ngati anthu. Filimu idaima, netiweki itathawa, ndipo m'holo mudagwa bata.

M'batamo mudamveka mapazi kuseri kwa khoma, ambiri, oyenda mosafulumira. Thabwa lidathyoka. Kenaka mawu a mzimayi, pafupi kwambiri, kukamwa kutagunda njerwa:

"Bambo a Tamara. Auzeni. Bambo a Tamara."

Nkhalamba ija idachotsa khutu kukhoma, n'kuyang'ana a Goodson mokhutira.

"Mwamva?" idatero. "Zayambanso."